ZA KUKONZA KUSERI KWA NYUMBA ZATHU

Kwa Mafumu ndi mamembala onse. Mau awa ananenedwa ndi Mlembi pa msonkhano wathu wa ku Mangochi, ndipo Komiti inalamula kuti asindikizidwe ndi kutumizidwa, kuti awerengedwe pa mabwalo a midzi.

 Pa misonkhano yathu tazolowera kukamba za miseu, za sukulu ndi za mtengo wa nsomba, ndizo zinthu zimene tiyenera kupempha kwa Boma. Lero tifuna kukamba za malo amene sitingapemphe munthu kutikonzera, ndiwo kuseri kwa nyumba zathu. Ife a kuno kunyanja tidziwa kusamala kumaso kwa nyumba: khonde lizilidwa, bwalo lisesedwa m'mamawa, ndipo mlendo akafika timyalira mkeka woyera. Koma nthenda siilowera pakhomo la alendo iai. Ilowera kuseri, kumene titaya madzi, kumene tiyanika mbale, ndi kumene ana apita kukadzithandiza.

Sitinena za mphekesera. Kolera amene anabuka m'boma la Machinga mu Marichi 2022 anayenda dziko lonse kufikira 2023, napha anthu oposa 1,700, ndipo boma lathu la Mangochi linali limodzi la maboma amene odwala anachuluka. Tizirombo ta nthenda iyi tituluka m'mimba mwa wodwala, ndipo tifika pakamwa pa wina podzera m'madzi, m'manja ndi pa miyendo ya nchenche. Likodzo nalo liyenda njira yofanana: mazira ache atuluka ndi mkodzo, aswa m'madzi, tizirombo tilowa mu nkhono za m'bango, ndipo potuluka m'menemo tiboola khungu la mwana wosamba. Nthenda ziwirizi zichoka kwa munthu ndi kubwerera kwa munthu, ndipo malo ozidulira njira ndi pakhomo pathu pomwe. Chifukwa chache tiika pamaso panu nchito zisanu, zimene banja liri lonse likhoza kuchita ndi manja ache.

1. CHIMBUDZI

Tidziwa yankho la anthu a m'mphepete mwa nyanja: "Tinakumba, koma chinagwa." Yankho ili si la ulesi. Ku Makawa, ku Nkope, ku Msaka ndi m'madoko ena ambiri nthaka ndi mchenga, ndipo dzenje la ngondya zinai, loyalidwa mitengo yolemera ndi dothi pamwamba, siligonera mvula ziwiri. Munthu amene anaona chimbudzi chikutitimira aopa kulowa m'china, nabwerera kuthengo kapena kunyanja. Tsono bvuto liri pa kakumbidwe, ndipo kakumbidwe nkotheka kukonza.

Choyamba, malo. Dzenje litalikire mamita 30 kuchokera pa chitsime kapena pa mjigo, ndiwo mapazi ngati 40 a munthu wamkulu poyenda, ndipo likhale kumunsi kwache, kosati kumtunda. Pansi pa dzenje pasiyane ndi madzi a m'nthaka mita imodzi ndi theka. Muyeso uwu musautenge mu Okutobala pamene zitsime zaphwa. Utengeni pa kumene madzi afika mu Epulo ndi Meyi, nyanja itadzala. M'chaka cha 2024 nyanja inakwera nilowa m'nyumba za anthu ambiri a m'mphepete, ndipo akulu anati, madzi saiwala khwawa. Kumene madzi anafika chaka chimenecho, musakumbeko.

Chachiwiri, maonekedwe a dzenje. Likhale lozungulira, la mita imodzi m'mimba mwache, pakuti khoma lozungulira lidzigwira lokha, koma la ngondya liyamba kugumuka pa ngondyapo. Lukani nsungwi kapena bango lokhwima monga muluka nkhokwe, muiimike pa malowo, ndipo wokumba akumbe ali m'kati mwache, nkhokweyo nitsika pang'ono pang'ono ndi iye. Chotero mchenga sudzamgwera wokumba lero, kapena kukwirira dzenje mawa. Munthu asakumbe mumchenga ali yekha. Pamwamba pakhale mnzache nthawi zonse.

Amene akhoza kuumba njerwa achita bwino koposa. Amange khoma lozungulira kuyambira pansi, nasiye timipata m'mizere ya m'munsi kuti madzi azitha kulowa m'nthaka. Pofika kumwamba, mzere uli wonse ulowe m'kati pang'ono kuposa unzache wa pansi, kufikira pakamwa pachepa monga pa mtsuko, patsala kabowo kokha. Chimbudzi chotere sichifuna mitengo yoyala, ndipo chiswe chiribe chakudya pamenepo.

Kumene madzi ali pafupi kwambiri kuli njira yina, imene Peter Morgan wa ku Zimbabwe anaifalitsa. Dzenje likhala lalifupi, la mita imodzi yokha, ndi kanyumba kopepuka ka bango kotheka kunyamula. Munthu akatha athira phulusa ndi dothi. Likayandikira kudzala, mulikwirira ndi dothi lochindikala, musuntha kanyumbako pa dzenje latsopano, ndipo mvula ikagwa mubzala papaya kapena nthochi pa lakale. Banja lotere lipeza chimbudzi ndi munda wa zipatso pa nchito imodzi.

Chachitatu, pamwamba. Pansi pa chimbudzi pakwezedwe kuposa bwalo, denga lipitirire makoma, ndipo kangalande kapatutse madzi a mvula, pakuti madzi oyenderera ndiwo agwetsa maenje ambiri. Pa bowo pakhale chibvundikiro chokhala ndi chogwirira, ndi chitini cha phulusa pambali, kuletsa pfungo ndi nchenche. Abale athu Asilamu, amene chipembedzo chao chilamula kudziyeretsa ndi madzi, achita bwino kukonza potsukira pambali, popendekera ku kadzenje kena ka miyala, kuti madzi ochuluka asafewetse makoma a dzenje lalikulu.

2. MPONDAGIYA

Iyi ndi nchito ya ola limodzi, ndipo mwana wa sukulu akhoza kuitha. Zikani mphanda ziwiri pa khomo la chimbudzi, mupingase mtengo pamwamba, ndi kupachikapo chigubu cha malita 5 pa chogwirira chache. Boolani kabowo ndi msomali wamoto pansi pang'ono pa chitsekero. Mangani chingwe pakhosi pa chigubu, chitsike kufikira pa kamtengo kogona pansi. Munthu akaponda kamtengoko chigubu chiwerama, madzi natuluka, osakhudza kanthu ndi manja akuda. Sopo apachikidwe pa chingwe; akasowa, phulusa lithandiza. Pansi muike miyala kuti pasachite matope. Ndipo pa chakudya tileke mwambo wa kusamba m'manja tonse m'beseni limodzi, pakuti womariza, amene kawiri kawiri ndi mwana, asamba m'litsiro la onse. Tizithirirana madzi ndi chikho.

3. BAFA NDI MADZI OTAYA

Kuseri kwa mabafa ambiri kuli chithaphwi chosaphwa, m'mene abakha asewera ndi ana aponda. Kumbani dzenje la mita imodzi, mulidzaze ndi miyala kapena zibenthu za njerwa, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, ndipo kangalande ka m'bafa kathere m'menemo. Nthochi yobzalidwa pambali idzamwa otsala. Maenje amene munaumbira njerwa akwirireni mvula isanafike, pakuti pa kutentha kwa kuno udzudzu ukula m'madzi oima m'masiku 7 kufikira 10.

Bafa labwino lichinjirizanso ana ku likodzo. Madzi otunga kunyanja akagona m'ndowa masiku 2, tizirombo ta likodzo tifa, ndipo mwana akhoza kusamba wopanda chiopsezo. Koma si akumwa iai; akumwa awiritsidwe, kapena athiridwe klorini monga alangizi a zaumoyo atiphunzitsa, nasungidwe mu ndowa yobvundikira.

4. MATHANDALA NDI CHINGWE

Mbale yotsukidwa bwino ikaikidwa pansi, galu ndi nkhuku aitsukanso m'njira yao. Thandala la mphanda zinai ndi nsungwi, lofika m'chiuno, loima padzuwa, lithetsa zimenezi. Zobvala nazo ziyanikidwe pa chingwe, chifukwa nchenche ya mphutsi iikira mazira pa mchenga wa mkodzo ndi pa nsaru zoyanikidwa pansi, ndipo mphutsizo zilowa m'khungu la makanda. Kusita kupha mazirawo.

Kwa asodzi ndi amai a geni tinena za thandala la usipa. Usipa woyanika pamchenga uuma ndi mchenga womwe, ndipo wogula wa ku Limbe kapena ku Lilongwe, akaulawa, atsitsa mtengo. Pa thandala lokwezeka mphepo ipita pansi ndi pamwamba, nsomba niuma msanga ndi yoyera. Yalanipo bango kapena ukonde wa nsomba umene unatha nchito. Koma ukonde wa udzudzu umene tilandira kuchipatala ndi wogonamo. Amene aupha nao nsomba, kapena kuchinga nao dimba, agulitsa moyo wa mwana wache ndi ndiwo za tsiku limodzi.

5. ZINYALALA, MPANDA NDI MITENGO

Mchenga wathu ndi nthaka ya njala, koma tsiku ndi tsiku titentha chakudya chache. Masamba, makoko, mamba ndi matumbo a nsomba, ndowe za mbuzi ndi phulusa zitayidwe m'dzenje limodzi ndi kukwiriridwa pang'ono ndi dothi. Pakapita miyezi ingapo asanduka manyowa. Mapepala a pulasitiki ndi mabotolo akhale pa okha, pakuti saola.

Popanda mpanda mbuzi za malimwe sizisiya kanthu. Mpanda wa bango kapena wa udzu, womanga ndi mlaza, utchinga mbuzi, upfumbi wa mwera nuchepa, ndipo upatsa amai ulemu popita kubafa. M'malo mwa mizati youma zikani nthambi za cham'mwamba, zimene ziphuka zokha zikazikidwa, ndipo masamba ache ndi ndiwo m'miyezi imene ndiwo zisowa. Papaya abala chisanathe chaka ndi theka. Nimu apirira chilala napatsa mthunzi. Mango ndi a adzukulu. Nyengo ya kubzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, koma maenje ndi mipanda zikonzedwe kale m'malimwe.

PEMPHO KWA MAFUMU

Taonani, pa nchito zonsezi zogula ndi zochepa: chigubu, chingwe, sopo ndi misomali ingapo. Zina zonse ziri m'dambo, pa chulu ndi m'manja mwathu. Koma pali chimodzi chimene banja silingathe palokha. Nchenche siidziwa malire a mpanda, ndipo nyumba imodzi yopanda chimbudzi idwalitsa nyumba khumi zimene ziri nacho. Chifukwa chache titembenukira kwa inu eni dziko, a kwa Mponda, a kwa Nankumba, a kwa Makanjira, a kwa Chimwala, a kwa Chowe ndi ena onse, ndi mapempho anai.

(a) Pogawa malo omangapo, musiye danga lokwanira kuseri kwa nyumba iri yonse, ndipo musalole chimbudzi pafupi ndi chitsime cha mudzi.

(b) Pa doko liri lonse, pamene alendo agona miyezi akupha nsomba, pakhale zimbudzi zomangidwa ndi eni zombo, ndi munthu wozisamala.

(c) Nkhalamba, amai amasiye ndi olumala akumbiridwe ndi anyamata a m'mudzi pa tsiku limene mfumu idzaika, pakuti mutu umodzi susenza denga.

(d) Nchito iyambe pa nyumba za mafumu, za anduna ao, ndi za ife mamembala, kuti amene afuna kuona nkhokwe ya m'dzenje kapena mpondagiya adziwe kokaona. Sitingayenere kuima pamaso pa Bwanamkubwa kupempha chipatala chachikulu, pamene kuseri kwathu ndiko kutumiza odwala.

Tipempha kuti pa msonkhano ukudzawo membala ali yense abwere ndi chiwerengero cha nyumba za m'mudzi mwache, ndi cha zimene zatha nchito zisanuzi, kuti chilembedwe m'buku la Bungwe, ndi kuti midzi yotsalira tiithandize mvula isanagwe.



MLEMBI