Mwana Wophunzirira Pakhomo: Mau Oyankhulidwa pa Chikondwerero cha Amayi ku Mzimba



Andipempha kuti ndinene mau pang'ono za mwana amene akukonzekera mayeso ali pakhomo. Ena ayesa kuti ndi chinthu chachilendo, koma ai. Boma lidatsegula Malawi Correspondence College m'chaka cha 1965. Ife amene sitidasankhidwe kupita ku sekondale tinkalandira maphunziro m'maenvulopu, tikayankha mafunso nkutumiza ku Blantyre, tsono nkumadikira kuti aphunzitsi atichongere. Maphunziro ena tinkamvera pa wailesi. Mu 1987 dzina lidasintha kukhala Malawi College of Distance Education. Ndiponso mu March 2020, pamene matenda a Covid-19 adatseketsa sukulu zonse, nyumba iri yonse idasanduka kalasi, ndipo ambiri a ife tidaona kuti sitidziwa pogwira.

Ine ndidaphunzira ndi mdzukulu wanga. Makolo ake ali ku Johannesburg, monga aliri ana athu ambiri a m'boma lino. Mtsikanayu adatenga pakati ali Fomu 3. Ndidalira, ndidakalipa, ndipo sindibisa, ndidamsiya miyezi inai akungotunga madzi ndi kusinja. Pambuyo pake ndidamva kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana wotere kubwerera ku sukulu akabereka. Koma khanda linali lodwaladwala, ndipo sukulu iri kutali. Chotero ndidamanga chitenje ndi kupita ndekha kwa aphunzitsi aakulu.

Amayi anzanga, pitani nokha. Musatume mwana, pakuti manyazi adzambweza panjira. Aphunzitsi aja adandilandira bwino. Adamlemba m'gulu la ophunzira masana, limene amati Open School, ndipo tidapangana kuti azibwera kawiri pa sabata kudzatenga ntchito, kupereka zimene walemba, ndi kubwereka mabuku. Adandichenjezanso zinthu ziwiri. Choyamba, kalembera wa mayeso a MANEB amachitika miyezi yambiri mayeso asanafike, ndipo amene waphonya kulipira wataya chaka chathunthu. Chachiwiri, maphunziro a sayansi ali ndi mayeso ochita ndi manja, ndipo zipangizo zake sizipezeka pakhonde pathu. Masiku amenewo mwana ayenera kukhala ku sukulu, zivute zitani. Chingerezi nacho asachinyoze, chifukwa wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza zina zonse.

Tsono mbali yobvuta inali yanga. Sukulu idapereka mabuku, koma nthawi yowerengera inali m'manja mwanga. Mwana wamkazi akakhala pakhomo, ali yense amamuona ngati alibe chochita. Uyu akuti pita kuchigayo, uyo akuti kandigulire mchere, mlendo akafika akuti ikapo madzi a tiyi. Ine ndemwe ndinali woyamba kumtuma! Tsiku lina ndidampeza akusinza, buku liri pamiyendo, mphika ukupsa. Ndidachita manyazi. Kuyambira pamenepo ndidalamula kuti kuchokera m'mawa kufikira dzuwa pamutu palibe womtuma, ngakhale agogo ake aamuna. Khanda ndinkalibereka ine kupita nalo kudimba. Miyezi ya May ndi June, pamene tonse tiri kalikiliki kukolola chimanga, ndi nthawi yomweyo imene iye ayenera kubwereza zonse. Ndidalemba aganyu awiri ndi ndalama zochokera ku Joni, zimene tidasungira malata. Denga lathu likadali laudzu mpaka lero.

Masamu a masiku ano sindiwadziwa, koma madzulo ali onse ndinkamuuza kuti andifotokozere zimene wawerenga, ine ndikusenda mtedza. Akakakamira pofotokoza, tinkadziwa kuti funso limenelo ndi lopita nalo kwa aphunzitsi Lachinai.

Adalemba, ndipo satifiketi yake ndaisunga m'sutikesi pamodzi ndi yunifolomu yangayi. Amene muli ndi mwana wotere pakhomo, mundipeze panja tikatha kudya, tipangane tsiku loti ndikuperekezeni kwa aphunzitsi aakulu a kwanu.