Mbuzi Yosenza Zoipa za Ena

Mawu: Levitiko 16:20-22

Pa Tsiku la Chitetezo Aroni ankasanjika manja pamutu pa mbuzi yamoyo, naulula zoipa za ana a Israele, naitumiza kuchipululu. Zindikirani kuti iwo anayamba avomereza kuti zoipazo nzawo. Koma mtima wa munthu ufuna mbuzi, sufuna kuulula.

M'chaka cha 1348 mliri waukulu unagwa m'maiko a ku Ulaya, anthu nafa osawerengeka. Posadziwa gwero lake, anati Ayuda athira mankhwala m'zitsime. Papa Clement VI analemba kalata yakuwadzudzula, nawakumbutsa kuti Ayuda omwe alikufa nayo nthenda yomweyo; koma iwo anatseka makutu. Mu February 1349, m'mzinda wa Strasbourg, anatentha Ayuda mazanamazana, nafafaniza ngongole zimene anakongola kwa iwo. Lero tidziwa kuti mliriwo unadza ndi utitiri wa makoswe.

Bodzalo silinafe. Mu 1903 ku Russia kunasindikizidwa kabuku konena kuti akulu a Ayuda anapangana mseri kulamulira dziko lonse. Nyuzipepala ya The Times ya ku London inaonetsa poyera mu 1921 kuti nkopeka; komabe Hitler anakagwiritsitsa, nasenzetsa Ayuda mlandu wa kugonja kwa Germany mu 1918. Pofika 1945 Ayuda okwana 6 miliyoni anali ataphedwa.

Chifukwa ninji anthu achita chotere? Pakuti nthenda, njala ndi umphawi sizigwidwa ndi manja. Koma mnansi wa mtundu wochepa, wopanda womtchinjiriza, agwidwa msanga. Ndipo umboni ukasowa, wonenezayo ati, "Mwaona kubisa kwawo!" Kodi ichi nchachilendo kwa ife? Mwana akafa pamudzi, sinali nkhalamba yopanda abale imene inkamwetsedwa mwavi?

Tsono inu aphunzitsi, pophunzitsa za masautso a Ambuye, musaike m'mitima ya ana udani ndi Ayuda. Yesu anali Myuda, Mariya amake anali Myuda, ndi atumwi omwe. Anampereka kumtanda ndiye Pilato, Mroma. Ndipo anafera zoipa zanga ndi zanu. Mukamva mtundu wonse ulikunenezedwa, funsani kuti anaona ndani, ndi kuti apindula ndani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mulungu atipatse mtima wakuulula zathu. Amen.