Mwana Akamalira Pokodza

Amayi nonse a kuno ku Nkopola, tamverani. Mwana akamalira pokodza, ena mwa inu mumampatsa mankhwala amadzi otchedwa potassium citrate, otsala m'botolo la munthu wamkulu. Mankhwalaŵa ngabwino pa ntchito yake. Amachepetsa ukali wa mkodzo, motero kuŵaŵa kumaleka, ndipo madokotala amaŵaperekanso poletsa timiyala tina mu impso. Koma sapha kachirombo kalikonse.

Ife tili m'mbali mwa nyanja. Kuno mkodzo woŵaŵa, makamaka wothera ndi timadontho ta magazi, kaŵirikaŵiri ndi likodzo. Tizirombo take timatuluka m'nkhono za m'madzi nkuboola khungu la mwana pamene akuseŵera, inu mukuchapa. Tikakula timaikira mazira m'mitsempha ya chikhodzodzo, ndipo mazirawo ndiwo amachititsa zilonda. Mwana akamwa potassium citrate amatonthola, koma zilondazo zimapitirirabe. Likodzo likakhalitsa limawononga impso. Tsono impso zofooka sizitha kutulutsa potaziyamu wa m'mankhwalaŵa, ndipo akachuluka m'magazi amasokoneza kugunda kwa mtima.

Mankhwala a likodzo ndi praziquantel. M'chaka cha 2022 bungwe la WHO lidalangiza kuti ngakhale ana a zaka 2 azilandira. Mlingo wake umatsata kulemera kwa mwana, nchifukwa chake bwerani naye kuno ku sikelo kapena ku chipatala cha boma ku Mangochi, osaiŵala buku lake. Mumdyetse phala asanamwe. Pomsambitsa, tungani madzi a pamjigo, apo ayi a m'nyanja amene agona m'ndowa masiku aŵiri.