Msonkhano wa pa Waya ndi Phwando la pa Msewu

Madzulo ano tikambirana zinthu ziwiri zimene anthu anaphunzira mokakamizika m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unawaletsa kukhala moyandikana. Choyamba ndicho kuchita msonkhano aliyense ali kwawo, mawu ndi nkhope zikuyenda pa intaneti. Chachiwiri ndicho kusangalalira mnzako uli m'galimoto, osatsika, osampatsa chanza. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalengeza mu Meyi 2023 kuti nthendayi sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ndipo midipiti ya magalimoto ija inazilala. Koma misonkhano ija idakalipo, ndipo ambiri a inu, aphunzitsi, akuluakulu a mpingo, a makomiti a chitukuko, ngakhalenso mabanja amene ana awo ali ku Johannesburg, mumaitanidwa ku misonkhano yotere. Tsono funso langa nali: nchifukwa ninji waya anakhoza kunyamula msonkhano, koma nalephera kunyamula phwando?

Chinthuchi chinakula mofulumira ngati moto wa m'tchire. Kampani ya Zoom, ya ku San Jose m'dziko la America, inanena kuti mu Disembala 2019 olowa m'misonkhano yake pa tsiku sanali kupitirira 10 miliyoni, koma pofika Epulo 2020 anali 300 miliyoni. Atsogoleri a maiko nawonso sanachitire mwina. Pa 17 Ogasiti 2020 msonkhano wa nambala 40 wa atsogoleri a SADC, umene unatsogoleredwa ndi dziko la Mozambique, unachitika mtsogoleri aliyense ali kwawo akuyang'ana pa kanema, ndipo ndi pomwepo pamene Malaŵi anasankhidwa kuti adzatenge mpando chaka chotsatira.

Ife ogwira ntchito m'nyumba youlutsira mawu timadziwa kuti mdani wamkulu wa macheza ndiye kuchedwa kwa mawu. M'chaka cha 2009 akatswiri a ziyankhulo, motsogozedwa ndi Tanya Stivers, anafufuza kachezedwe ka anthu m'ziyankhulo 10 za m'maiko osiyanasiyana. Anapeza kuti kuchokera pamene wofunsa watsiriza funso kufikira pamene woyankha wayamba kuyankha, pamapita kanthawi kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi la magawo asanu a sekondi. Khutu lathu linazolowera kanthawi kameneka kuyambira tili ku msana kwa amayi. Koma pa intaneti mawu amayamba adulidwadulidwa, natumizidwa ulendo wautali, nalumikizidwanso pofika, ndipo ntchito imeneyi imadya kanthawi konse kaja, nthawi zina nkupitirira. Zotsatira zake mukuzidziwa. Inu mwatsiriza kuyankhula, mukumva zii, mukuyesa palibe woyankha, mwayambanso. Pomwepo yankho la mnzanu lafika, mawu awombana. Nonse mwaleka, nonse mwati "pitirizani", nonse mwayambanso pamodzi. Achikulire amene ankaimba lamya ya kunja kwa dziko masiku akale akukumbukira vuto lomweli. Kuwonjezera apo, makina a misonkhanoyi anapangidwa kuti azikweza mawu a munthu mmodzi ndi kutsitsa ena onse, pakuti kwa iwo mawu ambiri omveka pamodzi ndi phokoso loyenera kuchotsedwa.

Motero msonkhano wa pa waya sungayende ngati macheza a pa bawo, pamene aliyense amaponya lake pamene wafunira. Uyenera kuyenda ngati bwalo la milandu la kwa amfumu: nduna ipereka mpata, wodandaula afotokoza mpaka atatsiriza, woimbidwa mlandu ayankha, mboni ziitanidwa imodziimodzi, ndipo wodula mnzake pakamwa adzudzulidwa. Mwambo umenewu ife sitichita kukauphunzira kwina ayi.

Umboni wake unaoneka ku Khoti Lalikulu la dziko la America. Kwa zaka zambiri oweruza 9 a khotilo ankafunsa maloya mafunso molimbirana, wofulumira pakamwa ndiye ankamveka. Pa 4 Meyi 2020 anayamba kumva milandu pa lamya, chinthu chimene chinali chisanachitikepo, ndipo mkulu wa oweruza, John Roberts, anayamba kuitana anzake mmodzimmodzi potsata ukulu wawo pa ntchito. Pamenepo woweruza Clarence Thomas, amene anakhalapo zaka khumi zathunthu, kuyambira 2006 kufikira 2016, osafunsa funso ndi limodzi lomwe pomva milandu, anayamba kufunsa mafunso pa mlandu ndi mlandu. Munthuyo sanali wopanda mawu. Chimene ankasowa ndi mpata. Oweruzawo atabwerera m'khoti mu Okutobala 2021 sanautaye mwambo wa lamya uja: maloya akatha kufunsidwa mwa kale, pamakhalanso chigawo chimene woweruza aliyense amaitanidwa payekha.

Tsono inu amene mwapatsidwa mpando pa msonkhano wotere, funso lakuti "kodi alipo ali ndi ndemanga?" lisiyeni. Pa waya funso limeneli limabala zinthu ziwiri zokha, kapena zii, kapena anthu anayi kuyamba pamodzi. Itanani munthu ndi dzina lake, ndipo muuzeni wotsatira kuti akonzeke. Mitu yokambirana ndi malipoti zitumizidwe dzulo lake kuti anthu awerengeretu, pakuti nchinthu chopweteka kuti mphunzitsi wa ku Nthalire agule bandulo ndi ndalama za m'thumba mwake kuti angomvera munthu wa ku likulu akuwerenga pepala. Amene netiweki yawo ili yofooka ayambe ndiwo kuyankhula, asanaduke. Zithunzi zimadya bandulo koposa mawu kutalitali, choncho anthu akapatsana moni nkuonana nkhope, palibe cholakwa kutseka makamera. Mu Febuluwale 2021 Jeremy Bailenson wa pa yunivesite ya Stanford anafotokoza kuti china chimene chimatopetsa anthu pa misonkhanoyi ndicho kudziona wekha nkhope pa kanema nthawi yonse, monga munthu wokhala pa msonkhano ndi kalilole m'manja. Ndipo amene amagwiritsa ntchito Zoom yaulere amadandaula kuti imawadula pakatha mphindi 40. Ine ndimati kudulidwa kumeneko kwapulumutsa makomiti ambiri.

Koma chachikulu pa zonse nachi: pa waya, kukhala chete sikuvomera. M'chipinda wapampando amaona amene wakwinya nkhope, amene akupukusa mutu, amene watuluka. Pa waya munthu amene ali chete mwina magetsi amuzimira, mwina bandulo yamuthera, mwina akufuula koma cholankhulira chake nchotseka. Komiti ingathe kugwirizana za ndalama za mpingo msungichuma ataduka kale mphindi zisanu zapitazo, mawa nkumadzakangana kuti anavomera. Nchifukwa chake mfundo iliyonse isanamangidwe, wapampando afunse aliyense ndi dzina, ndipo mlembi awerenge mokweza chimene chagwirizanidwa, amene akachichite, ndi tsiku lake.

Dongosolo lotere lili ndi mtengo wake, ndipo sindikubisirani. Aphungu a Nyumba ya Malamulo ya ku London anayamba kufunsa nduna mafunso pa kanema pa 22 Epulo 2020. M'nyumbamo munkaloledwa aphungu osapitirira 50, ndipo ena okwana 120 ankalowa pa Zoom. Mayina a oyankhula ankalembedweratu pa mndandanda. Zinthu zinayenda mwabata, inde, koma phungu wa pa kanema sakanatha kudzuka mwadzidzidzi ndi kudula nduna imene ikuzemba funso, ndipo bata lotero limakomera wofunsidwa koposa wofunsa. Palinso ngozi ina. Pa msonkhano wa pa waya mphamvu zenizeni zili ndi amene wagwira makina, pakuti angathe kutseka munthu pakamwa ndi chala chimodzi, kapena kumtulutsa kumene. Mu Disembala 2020, pa msonkhano wa khonsolo ya katauni ka Handforth ku England, makhansala atayamba kukalipirana, amene anagwira makina anatulutsa wapampando weniweniyo. Kanema wa msonkhanowo atafala mu Febuluwale 2021 anthu ambiri anaseka namuyamika, koma ofufuza ananena m'chaka cha 2022 kuti analibe mphamvu yochitira zimenezo. Pa bwalo la kwathu wothamangitsidwa amachoka anthu akuona, ndipo wina angathe kumuikira kumbuyo. Pa waya amangozimirira. Komiti yanzeru igwirizaniretu za amene agwire makina ndi malire a mphamvu zake.

Tsopano titembenukire ku phwando. Zonse zimene zimakonza msonkhano ndizo zimapha phwando. Kodi munaonapo nthungululu yoimbidwa motsata mndandanda? Chisangalalo chimafuna mawu ambiri nthawi imodzi, kuwomba m'manja, kuseka, kuimba mopolokezana, ndipo zimenezi nzomwe makina aja amaziyesa phokoso. Mabanja amene anayesa kuimbira mwana nyimbo ya tsiku lobadwa pa Zoom anamva okha chisokonezo chake: aliyense pa mzere wakewake, mawu akuduka, wina atatsiriza wina ali pakati.

Kusonkhana pa msewu monga kale kunali koopsa, ndipo Aamerika anali ndi chowakumbutsa. Pa 28 Sepitembala 1918, mliri wa chimfine uli mkati, akuluakulu a mzinda wa Philadelphia analola perete wosonkhetsa ndalama za nkhondo, ndipo anthu pafupifupi 200,000 anathithikana m'misewu. Patangopita masiku atatu zipatala zonse 31 za mumzindamo zinadzaza, ndipo m'masabata asanu ndi limodzi anthu oposa 12,000 anamwalira.

Choncho kuyambira mu Malichi 2020 anthu a kumeneko anatulukira njira ina. M'dziko limene mabanja 9 mwa 10 alionse ali ndi galimoto, galimoto inasanduka kanyumba koyenda kotchinga mwini wake ku mpweya wa anzake. Aphunzitsi a sukulu zotsekedwa ankandandalika magalimoto awo nadutsa pang'onopang'ono m'misewu ya kumene ana awo amakhala, ana ataima pakhomo ndi zikwangwani. Pa tsiku lobadwa la mwana kapena la gogo, abale ankakumana pa bwalo la sukulu kapena la tchalitchi, namangirira mabaluni ku magalimoto, nadutsa pakhomopo akuliza mahutala, ndipo m'matauni ena ozimitsa moto ndi apolisi ankatsogolera ndi masaireni. Mphatso ankaipereka pa windo, kapena kuisiya pa tebulo m'mphepete mwa msewu. Pofika Meyi ndi Juni ophunzira otsiriza sekondale anachita chimodzimodzi atavala mikanjo yawo.

Ife mdipiti wa magalimoto si wachilendo. Loweruka lililonse la nyengo ya maukwati timaumva ukuchoka ku tchalitchi kupita ku holo. Komatu pali kusiyana. Pa ukwati wathu wolemekezeka ali m'galimoto, ndipo mdipiti ndi njira chabe yopitira kumene kuli phwando lenileni, kuli chakudya, magule ndi perekaniperekani. Pa mdipiti wa 2020 wolemekezeka ndiye ankaima pakhomo, alendo nkumadutsa, ndipo phwando lonse linali lomwelo, la mphindi zowerengeka, lopanda mbale ndi imodzi yomwe. Mmalaŵi angafunse kuti phwando lanji lopanda nsima, ndipo sindingamutsutse. Ndiponso amene analibe galimoto analibe malo pa mdipitipo, monga momwe wopanda bandulo alibe malo pa msonkhano wa pa waya. Koma gogo woima pakhomo ankalandira chimene kanema sakanampatsa. Ankaona ndi maso ake kuti anthu asamba, avala, athira mafuta m'galimoto, abwera mpaka pa msewu wake, ndipo ankamva phokoso lawo lonse pamodzi, osati mmodzimmodzi. Hutala inagwira ntchito ya nthungululu.

Andale nawo anaona zimenezi. Pa 7 Novembala 2020, pamene Joe Biden anayankhula ku Wilmington atapambana chisankho, ambiri mwa omumvera anabwera ndi magalimoto awo pa bwalopo, ndipo pamalo owomba m'manja ankaliza mahutala. Koma amene ananditenga mtima ine ndi anthu a ku New Orleans, mzinda umene umanyadira perete wake wa Mardi Gras, wochitika dzulo lake la Lachitatu la Phulusa, Lenti isanayambe. Perete wa mu Febuluwale 2021 ataletsedwa, anthu anakongoletsa nyumba zawo monga momwe akanakongoletsera ngolo za perete, ndipo amisiri okonza ngolozo, amene ntchito inali itawathera, anapezanso ganyu pa makonde a anthu. Ku paki yaikulu ya mzindawo, City Park, anaimika ngolo zenizenizo m'mbali mwa njira pansi pa mitengo, ndipo chaka chimenecho perete ndiye anaima chilili, oonerera nkumadutsa m'magalimoto awo.