Mankhwala Ochiza Chibaba Angathetsenso Ululu?

(Awa ndi mawu amene mmodzi mwa ife adayankhula pa msonkhano wapachaka wa ophunzira akale ku Mchinji.)



Komiti itandipempha kuti ndiyankhule, ndidasankha nkhani ya ululu. Ambirife tsopano ndife mizati ya mabanja athu. Kumudzi kukagwa matenda lamya imalira kwa ife, poti amati ndife tidapita kusukulu. Ine sindine dokotala, choncho mawu angawa salowa m'malo mwa uphungu wa kuchipatala. Chimene ndikufuna nchakuti akatifunsa tiziyankha zothandiza.

Pali ululu wobwera nkupita, monga wa dzino. Palinso ululu wamgonagona, umene umakhala miyezi kapena zaka. Kuno kwathu ululu woterewu timauona kwambiri pa odwala khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la maiko osautsidwa nayo koposa, khansa ya kummero ndi khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi. Amene mudadwazikapo matenda otere mukudziwa kutalika kwa usiku.

M'chaka cha 1986 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo a makwerero atatu. Poyamba wodwala apatsidwe Panado, aspirin kapena brufen. Zikakanika, akwere pa codeine. Ululu ukakula zedi, apatsidwe morphine. Lidatinso mankhwala azimwedwa pakamwa, ndipo motsata nthawi, osati kudikira kuti munthu ayambe wabuula. Morphine, codeine, tramadol ndi pethidine ndi a banja limodzi. Ngakhale heroin, mankhwala ozunguza bongo aja, ndi wa banja lomweli, pakuti amapangidwa kuchokera ku morphine.

M'banja limeneli muli mankhwala awiri amene lero amadziwika ngati ochiza chibaba cha heroin, omwe ndi methadone ndi buprenorphine. Chimene ambiri sadziwa nchakuti onsewa adayamba ngati opha ululu. Methadone adapangidwa ku Germany chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. M'zaka za m'ma 1960 madokotala awiri a ku New York, Vincent Dole ndi Marie Nyswander, adaonetsa kuti munthu wogwidwa ukapolo wa heroin akamamwa methadone tsiku ndi tsiku chibaba chimazilala, ndipo amatha kubwerera kuntchito. Buprenorphine naye adayamba kugulitsidwa ku Britain m'chaka cha 1978 ngati wopha ululu. M'chaka cha 2005 WHO idaika onse awiri pa mndandanda wa mankhwala ofunika pochiza chibaba, ndipo mu 2017 idaikaponso methadone ngati mankhwala a ululu wa khansa.

Tisayese kuti izi ndi za Azungu okha. Chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chidayamba kupereka methadone mu 2011. Ku Joni, kumene kuli ana athu ambiri, kuli nyaope, amene mkati mwake muli heroin, ndipo methadone amagwiritsidwa ntchito pothandiza ogwidwa naye. Tsono funso likhoza kufika pakhomo pathu: mbale wathu akulira ndi ululu, wina ali ndi botolo la methadone lochokera kunja, kodi timpatse?

Yankho ndi lakuti ayi, ndipo chifukwa chake chili m'kagwiridwe ka ntchito ka mankhwalawa. Methadone amapha ululu kwa maola 4 mpaka 8 okha, koma m'thupi amakhalamo tsiku lathunthu kapena kupitirira. Nchifukwa chake wochizidwa chibaba amamwa kamodzi patsiku, pamene wa ululu dokotala amamgawira timilingo ting'onoting'ono, kawirikawiri katatu patsiku. Munthu wosadziwa akaona ululu wabwerera amawonjezera, pomwe oyamba aja akadali m'magazi. Mankhwala amaunjikana, ndipo patapita masiku angapo munthu amagona tulo tofa nato, mpweya nkumachepa mpaka kuleka kupuma. Mlingo umene wozolowera amamwa nkupita kumunda ukhoza kupha munthu wosazolowera kapena mwana. Ku America bungwe la boma la CDC lidalengeza mu 2012 kuti methadone anali 2 chabe mwa mankhwala 100 alionse opha ululu a m'banjali olembedwa ndi madokotala, koma ankapezeka pa imfa zoposa 30 mwa 100 zilizonse zodza ndi mankhwalawa.

Palinso china chokhudza ife kwambiri. Rifampicin wa chifuwa chachikulu, ndi ma ARV ena monga efavirenz ndi nevirapine, amachititsa chiwindi kuchotsa methadone msanga. Wodwala akasiya mankhwala amenewa mlingo wa methadone usadasinthidwe, mphamvu yake imakwera m'thupi. Methadone amathanso kusokoneza kagundidwe ka mtima. Zoterezi woziona ndi dokotala.

Buprenorphine ndi wofatsirapo. Amaikidwa kunsi kwa lilime kapena kumatidwa pakhungu ngati pulasitala yokhala masiku 7, ndipo sapanikiza kupuma kwambiri monga anzake. Amathandiza makamaka munthu amene ali ndi mavuto awiri, ululu ndi chibaba. Komabe akasakanizidwa ndi kachasu kapena mapiritsi ogonetsa, amapha. Akaperekedwa kwa munthu amene ali kale pa morphine kapena heroin, amakankha enawo m'thupi, munthu nkuyamba kusanza, kutsekula m'mimba ndi kunjenjemera.

Amayi ndi abambo, musamve ngati ndikukuopsezani kuti muthawe mankhwala a ululu. Vuto lathu lalikulu ndi kusowa kwake. Akatswiri a magazini ya zaumoyo ya The Lancet adapeza mu 2017 kuti theka la anthu osaukitsitsa padziko limalandira zosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a mankhwala a m'banja la morphine. M'zipatala zathu mankhwala odalirika a ululu waukulu ndi morphine wamadzi, womwa maola 4 alionse. Ntchitoyi idakula ku Uganda Dr Anne Merriman atakhazikitsa Hospice Africa mu 1993. Kwathu kuno kuli Tiyanjane ku chipatala cha Queens ku Blantyre, Ndi Moyo ku Salima, St Gabriel ku Namitete pafupi nafe pompa, ndi bungwe la PACAM lomwe lidayamba mu 2005.

Komabe mabanja ena amakaniza wodwala morphine, amati ndi mankhwala otsirizira munthu, kapena kuti asanduka chidakwa cha mankhwala. Tisiyanitse zinthu ziwiri. Thupi limazolowera ndithu, nchifukwa chake sasiya mwadzidzidzi koma kuchepetsa pang'onopang'ono. Chibaba ndi china: munthu amafunafuna mankhwala ngakhale akuona kuti akumuononga, mpaka kunama ndi kuba. Wodwala khansa womwa mlingo wake pansi pa uphungu wa namwino sakhala wotero kawirikawiri. Amagona, amadya, amatha kuyankhula ndi ana ake. Chovuta chodziwika ndi kudzimbidwa, ndipo achipatala amapereka mankhwala ake.

Pa ululu wa msana ndi nyamakazi nkhani ndi ina. Mankhwala a m'banjali sayenera kukhala oyamba. Amereka adawagawa mosasamala kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo anthu miyandamiyanda adafa.

Ife a ku Mchinji tili pachipata. Ku Chipata timapita m'mawa nkubwerako masana, ndipo njira zozemba malire timazidziwa tonse. Momwe mumadutsa feteleza ndi shuga mumadutsanso mapiritsi, ena achinyengo, ena otha mphamvu. Lamulo la Dangerous Drugs Act limaletsa kusunga mankhwala onga morphine popanda chilolezo, ndipo bungwe la PMRA ndilo limayang'anira ogulitsa mankhwala. Wodwala wodutsa nawo pa Mwami atenge kalata ya dokotala.

Pomaliza, ndikusiyireni zinthu zinayi. Choyamba, wodwala wa ululu wamgonagona mupite naye ku chipatala chachikulu cha pa boma kapena cha mishoni, mukafunse za chisamaliro chochepetsa ululu. Safunsa adadya phula. Chachiwiri, mukamuuze dokotala mankhwala onse amene wodwala akumwa, azitsamba ndi mowa womwe. Chachitatu, botolo likhale pokhoma, lisabwerekedwe, ndipo otsala abwezedwe kuchipatala. Wodwala akagona osadzuka, akupuma motalikiza, thamangani naye msanga, pakuti kuli mankhwala otchedwa naloxone obweza mphamvu ya mankhwalawa. Chachinayi, mwana wogwidwa chibaba tisamtaye. Ndi wodwala, ndipo chithandizo chake chilipo.

A Wapampando, ndikupempha kuti pa msonkhano wa chaka chamawa tidzaitane namwino wa ntchito imeneyi kuti adzatiphunzitse ife pamodzi ndi ana a Fomu 4.