NYAMAKAZI SI NTHENDA IMODZI AYI

(Mau awa analankhulidwa kwa anthu a m'dera la Mfumu Ndamera, m'boma la Nsanje)



Dzina loti nyamakazi timalipereka pa ululu uliwonse wa molumikizira mafupa. Bondo likatupa akuti nyamakazi, zala zikauma akuti nyamakazi, mwana akakana kuponda pansi akutinso nyamakazi. Koma m'dzina limodzili muli matenda angapo, ndipo pali ina imene singadikire ngakhale masiku atatu.

Yofala kwambiri ndi ya kuperepeseka. Kumapeto kwa fupa kuli kamnofu koyera koterera, konga kaja timakukuta pa fupa la nkhuku. Kamnofuka kakatha chifukwa cha ukalamba, ngozi yakale kapena katundu wolemera, mafupa amayamba kukhulana. Taganizani za mai wosenza ndowa ya malita 20, omwe ndi makilogalamu 20, tsiku ndi tsiku kuchokera kumjigo, kenaka nkukawerama ndi khasu kudimba. Ululu wake umakula ukagwira ntchito ndipo umachepa ukapuma. Kamnofu kakatha sikameranso, koma kungogona pamphasa ndiye kuonjeza vuto, pakuti minofu ya m'ntchafu ikafooka bondo limasowa chochirikiza. Yendani pang'ono tsiku lililonse, kwerani njinga, khalani pampando nkumaongola mwendo kangapo. Gwirani ndodo m'dzanja la mbali yabwinoyo, osachita manyazi. Kwa anzathu a m'tauni amene mimba zatsogola, kilogalamu imodzi imene mungachotse m'thupi imapeputsa bondo ndi makilogalamu pafupifupi 4 pa phazi lililonse limene mwaponda.

Abale ena amene anakhalitsa ku maiko ozizira amati anaitenga ku chisanu. Kuzizira kungautse ululu, koma sindiko kumayambitsa. Nanga kuno ku chigwa, kumene dzuwa limaotcha chonchi, bwanji agogo athu akudandaula maondo?

Ina ndi imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis. Apa chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo za mwini wake. Imakonda amai, ngakhale a zaka 30, ndipo imagwira zala za manja onse awiri nthawi imodzi. M'mawa zala zimauma kupitirira ola lathunthu, munthu osatha kumanga chitenje. Si ufiti. Mankhwala onga methotrexate amaiweta akayambidwa msanga, zala zisanapindike, koma amafuna dokotala woyeza magazi kawirikawiri.

Ya gout imadza usiku, kawirikawiri pa chala chachikulu cha kuphazi, ndipo imakonda abambo a mowa ndi kanyenya wa zam'kati. Chepetsani zimenezo, imwani madzi ambiri. Ikamabwerezabwereza kuli mankhwala a allopurinol.

Tsono pa nkhani ya mapilisi ndiime pang'ono. Indocid, brufen ndi diclofenac amaphadi ululu, ndipo n'chifukwa chake amayenda malonda m'magolosale ndi m'misika. Koma kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, kopanda kanthu m'mimba, nthawi zina mitundu iwiri pamodzi, kumaboola zilonda m'mimba ndi kuononga impso. Kuno kotentha, kumene munthu amataya madzi ambiri m'thukuta, impso zimavulala msanga. Amai oyembekezera, odwala BP ndi okalamba asamwe popanda kufunsa kuchipatala. Yambani ndi panado. Chenjeraninso ndi timapilisi topanda dzina timene ogulitsa amati n'tamphamvu: tina ndi prednisolone kapena dexamethasone, amene akamwedwa nthawi yaitali amatupitsa nkhope, amakweza shuga ndi kufewetsa mafupa. Kutemera mphini pa bondo lotupa nakonso kungatsegulire tizirombo khomo.

Imene yandibweretsa makamaka ndi ya mafinya m'mfundo. Mfundo imodzi yatupa mwadzidzidzi, ikutentha ukaigwira, thupi nalo latentha, ndipo wodwala akulira mukayesa kuipinda. Khanda limangosiya kugwedeza mkono kapena mwendo umodzi. Apa tizirombo talowa m'kati, ndipo tingadye kamnofu kaja m'masiku owerengeka, mwana nkulumala moyo wake wonse kapena kumwalira kumene. M'chaka cha 2005 dokotala wa mafupa Chris Lavy ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa ana 204 a m'Malawi muno odwala nthendayi, ndipo kachirombo kamene kanapezeka kwambiri ndi Salmonella. Kwa akulu, chinzonono chimatha kufika m'mfundo, pomwe TB imadya msana kapena chiuno pang'onopang'ono, makamaka mwa amene ali ndi HIV. Mwana amene anamva zilonda zapakhosi, patapita masabata awiri kapena atatu ululu nkumasamuka kuchoka bondo kupita pa chigongono, akapimidwe mtima.

Ndikudziwa kuti ulendo si wapafupi, makamaka dzinja Shire akasefukira monga tinaonera mu 2015 ndiponso nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. Komabe mfundo yotentha isagone m'nyumba. Pitani pa chipatala cha Ndamera tsiku lomwelo, ndipo mufotokoze momveka kuti mfundo yatupa liti, thupi latentha liti. Akakutumizani ku chipatala chachikulu pa boma la Nsanje kuti akapope mafinyawo ndi kupereka jakisoni, musabwerere kunyumba kukadikira kuti muyambe mwakolola.