Msonkho anachotsa, koma ndalama ija inalowa m'thumba la ndani?

Awa ndi mawu amene tinayankhula pa msonkhano wathu ku Bandawe. Tawalemba kuti anzathu a m'tauni amene simunabwere muwerenge, ndipo mutumizireko ena.

Amene mwayenda kuchokera ku Kande, ku Chintheche ndi ku Mpamba, zikomo, tikudziwa kuti thiransipoti masiku ano si nkhani yamasewera.

Lero tikambe za msonkho. Tikudziwa, ena mwayamba kale kuyasamula. Dikirani kaye.

Mu bajeti ya 2019/2020, nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, a Joseph Mwanamvekha, analengeza kuti boma lachotsa msonkho wa VAT pa zipangizo za sola monga mapanelo, mabatire ndi mainiveta, pa mababu osadya magetsi ambiri, komanso pa gasi wophikira ndi masilinda ake. Cholinga chinali chabwino, tisanamizane. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zimaunikira ndi magetsi. Enafe ndi tochi, nkhuni ndi makala basi.

Ndiye tiyeni tiwerengere limodzi, masamu a Sitandade 6. VAT inali 16.5 peresenti. Batire ya K100,000 ukanaigula K116,500. Atachotsa msonkho, umayenera kupulumutsa K16,500. Chabwino. Koma mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Panelo sitipanga ku Kanengo, batire sitipanga ku Luwinga, zonse zimabwera ndi dola. Katundu wa K100,000 uja, pa kugwa kwa 2023 kokhako, anafika cha m'ma K144,000. Anatipatsa 16, anatilanda 44. Nanga phindu lili pati?

Ndipo palinso china. Msonkho ukachotsedwa, woyamba kumva kukoma ndi amene amaitanitsa katundu kunja. Kaya atsitsa mtengo pa shelefu kaya ayi, zili kwa iye. Mmodzi wa ife anapita pa shopu ina kukafunsa batire ya sola, n'kunena kuti paja izi zilibe VAT. Wogulitsa anangoseka, amvekere: "Achimwene, mukagule kwa amene anakuuzaniyo." Lisiti kulibe. Ukalimbikira, akulembera pa kapepala ndi bolopeni.

Anzathu a ku Area 47 ndi ku Namiwawa, sitikukunyozani ayi, koma lamuloli linakomera inu amene munali ndi ndalama kale. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, amene anali ndi kangachepe ku banki anathamanga kukagula iniveta, opanda VAT. Mayi wa kuno ku Bandawe wogulitsa usipa sanapindule kanthu, chifukwa kuchotsa 16.5 peresenti pa chinthu chimene sungakwanitse ngakhale theka la mtengo wake sikusintha chilichonse. Silinda ya gasi imafuna ndalama ya nthawi imodzi. Makala umagula a m'kajumbo, a lero lokha. N'chifukwa chake makala akupambanabe, ngakhale mu 2020 anakhwimitsa lamulo la nkhalango. Woyenda ndi thumba pa njinga ndiye amagwidwa, koma wophikira makalawo ali m'tauni, ndipo ambiri mwa ife ndife omwewo.

Inu amene simunagonepo kunyanja kuno mu Okutobala, bwerani mudzalawe. Malata amatentha mpaka pakati pa usiku, udzudzu kunja, mkati ngati uvuni. Munthu sakupempha eyakoni. Kafani kamodzi koyendera sola, ndi kafiliji koti nsomba zisawole zisanafike ku Mzuzu, basi. Ambirife digiri ili m'sutikesi chaka chachiwiri tsopano, tikugona m'nyumba zomwezo za makolo athu, ndiye kutenthaku tikukudziwa bwino.

Chimene chathandizadi anthu kuno ndi mbaula ya Changu Changu Moto, imene bungwe la Ripple Africa la ku Mwaya limaphunzitsa anthu kumanga. Njerwa ndi dothi, miphika iwiri nthawi imodzi, nkhuni zochepa kwambiri kusiyana ndi pa mafuwa. Yafalikira chifukwa sifuna dola. Apa pali phunziro kwa okonza bajeti ku Capital Hill, akanafuna kumva.

Tsono sitikunena kuti abwezere msonkho. Ayi, usabwerere, ndipo tidzakana akadzayesa. Tikufuna kuti MRA izisindikiza mndandanda wa katundu wopanda VAT m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chitonga, ukhomedwe m'mashopu, osangoti pa intaneti pofuna bando. MERA imalengeza kale mtengo wa gasi. Ionetsetse kuti m'maboma ngati Nkhata Bay muli malo odzazitsira, komanso kuti munthu azitha kugula kilo imodzi kapena theka. Ndipo pakhale ngongole ya chiwongoladzanja chochepa yogulira silinda ndi sola, yolipira pang'onopang'ono pa foni. Anyamata ndi atsikana amene anaphunzira za magetsi alipo ambiri akungokhala. Ntchito yoika ndi kukonza zipangizozi ikhale yawo.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Aliyense alowe m'shopu ziwiri zogulitsa sola kapena gasi kumene akukhala. Funsani mtengo wa panelo, batire ndi silinda ya makilo 6. Funsani mwaulemu, osayambana ndi munthu, wogulitsa pa kauntala ndi mnzathu wolembedwa ntchito chabe. Ngati wina kwanu wagula, jambulani lisiti, muone ngati alembapo VAT, mufufute dzina la wogula, mutumize kwa ma adimini. Lembani tsiku ndi dera. Tikasonkhanitsa, tilemba kalata imodzi yopita ku MRA ndi kwa aphungu athu, manambala ali pamanja. Amene mulibe bando, lembani pa pepala mupatse mnzanu amene ali nayo, zifike pasanafike Lachisanu madzulo.